Chinsinsi cha Aphunzitsi a Piyano

Ntchito imene ndinakhalitsapo ku Doha ndi ya udalaivala, pa nyumba ina ya azungu ku Al Duhail. Bwana anali wa ku Mangalande, adona a ku Amereka, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Sindinganame, anthu aja ankandisunga bwino. Kachipinda kanga ka pageti kanali ndi choziziritsa mpweya chomwe sichinkafa, Lachisanu ndinkapuma, ndipo mkazi wanga atadwala kumudzi adona ndi amene anandikakamiza kupita kukamuona. Ankakonda kuuza alendo kuti ine ndine wa m'banja lawo. Ndinazikhulupirira, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Mwana uja ankaphunzira kuimba piyano Lachiwiri ndi Loweruka masana. Aphunzitsi ake anali mayi wa ku Russia, wamtali, wa imvi zongoyamba kumene, wokhala ku Al Muntazah m'nyumba yogawana ndi azimayi ena atatu. Ine ndi amene ndinkawatenga ndi kuwabweza. Tsiku loyamba ndinawatsegulira chitseko cha kumbuyo monga ndinaphunzitsidwira, iwo n'kuchitseka okha, n'kudzakhala kutsogolo pambali panga. Anati kwawo wokhala kumbuyo ndi nduna kapena wodwala, ndipo iwo sanali chimodzi mwa ziwirizi. Anayankhula zimenezi nkhope ili gwa, moti sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndipepese.

Nkhope imeneyi ndiyo inkawavuta adona. Iwo anali munthu wosekerera aliyense, wogulitsa mafuta, mlonda, ngakhale mphaka wa anthu ena. Akafika aphunzitsi, moni wawo unali kugwedeza mutu basi, n'kulunjika ku piyano. Adona ankandifunsa ngati mayiyo ali ndi mkwiyo, kapena ngati tinawalakwira. Tsiku lina m'galimoto ndinawafunsa eni ake, iwo n'kundiyankha kuti kwawo munthu woseka popanda chifukwa amamuyesa wopepera kapena wofuna kukubera. Ndinaseka mpaka ndinaphonya pokhotera. Apo ndi pamene nawonso anaseka, kuseka kwenikweni kochita kugwira chifuwa, ndipo chibwenzi chathu cha m'galimoto chinayambira pomwepo.

Ulendo wochoka ku Al Muntazah kupita ku Al Duhail ndi wautali ndithu magalimoto akachuluka. Tinkakamba za ana, za kutentha, za nsomba youma imene onsefe tinkaisowa. Ankandiuza za amayi awo, gogo wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu amene anafa ziwalo mbali imodzi, akusamalidwa ndi mchemwali wamng'ono wa aphunzitsiwo, mphunzitsi pa sukulu ya boma. Chaka chonse aphunzitsi ankangowerengera mwezi wa Juni, pamene sukulu zitsekera ndipo mabanja a azungu amathawa dzuwa. Ndi pamene ankati adzapita kukawaona amayi awo, mwina komaliza. Anandilonjeza kuti ndine ndidzawaperekeze ku bwalo la ndege. Anati kwawo munthu asananyamuke ulendo wautali, iye ndi anthu ake amayamba akhala pansi chete kwa mphindi imodzi, kenako n'kunyamula katundu. Sukhala ndi aliyense, umakhala ndi ako. Poti ku Doha analibe mbale, ndiye adzakhala ndi ine.

Nthawi imeneyo nkhondo ya dziko lawo ndi dziko loyandikana nalo inali itayamba kale. Pa wailesi ya m'galimoto ikangotchulidwa, aphunzitsi ankayang'ana pawindo. Ine sindinkafunsa. Ndinakula nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ndikudziwa mmene munthu amayang'anira pawindo. Amayi anga ankavala nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, kupita kukavina padzuwa mpaka miyendo kutupa, kuimba mokweza kuposa anzawo. Akabwera kunyumba ankaivula nsalu ija, kuipinda bwinobwino, kenako n'kumatukwana chapansipansi akutsuka mbale. Malume anga anayankhula mawu awiri okha pamowa, anawatenga, ndipo pobwera patatha zaka anali munthu wosayankhula, mano akutsogolo kulibe. Mzungu akanabwera ndi kamera tsiku la gule akanati amayi anga amamukonda mtsogoleri kuposa ana awo.

Tsiku lina ndinawasimbira aphunzitsi nkhani imeneyi, sindikudziwa kuti inabwera bwanji. Tinadutsa maloboti awiri. Kenako anazimitsa foni yawo, n'kuiika pansi pa chikwama, n'kundiuza kuti kwawo zoona zimayankhulidwa m'khitchini, chitseko chotseka, pakati pa anthu odziwana mitima. Kunja munthu amati za ndale sazitsata. Anati popeza m'nyumba ya ku Al Muntazah khitchini ndi ya anthu anayi, khitchini yawo ikhala galimoto yanga.

Zimene anandiuza tsiku lomwelo ndi masiku otsatira zinali zosokonezeka ngati mmene ulili moyo. Nkhondoyo ankadana nayo. Mwana wawo wamwamuna ataitanidwa kuti akalowe usilikali, iwo ndi mchemwali wawo uja anamuthawitsa, kumuwolotsa malire mobisa, ndipo tsopano ali m'dziko lina akugwira ntchito yokonza makompyuta. Koma mwana wa mlongo wawo anapita kunkhondoko, anafera komweko, ndipo anamulira monga mwana wawo. Amayi awo odwala aja anali okhulupirira mtsogoleri ndi mtima wonse, chifukwa ankakumbuka zaka zimene penshoni sinkabwera ndipo anthu ankagulitsa ziwiya m'misewu. Agogo awo aakazi anali a dziko lomwe likuphulitsidwalo. Ndipo munthu akanyoza dziko lawo lonse pamaso pawo, magazi ankawira, ngakhale iwo eni ankalitukwana m'galimoto mwanga kawiri pa sabata.

“Azungu amafuna yankho la mawu amodzi,” anatero tsiku lina. “Ukhale chilombo kapena ukhale ngwazi. Ine ndine mayi wa mwana wothawa ndiponso mwana wa mayi wodwala. Ndikungofuna kufika Juni.”

Mavuto anayamba Loweruka lina nyengo yozizira, pamene bwana anaitana anzawo kudzadya chamasana pabwalo. Ine anandipempha kuti ndiwotche nyama. Aphunzitsi atamaliza phunziro, adona anawakoka dzanja kuti akhale nawo patebulo. Poyamba zinkayenda bwino, mpaka bambo wina wofiira nkhope, wogwira ntchito ya mafuta, anamva kumene akuchokera. Anaika foloko pansi, n'kuwafunsa mokweza kuti nkhondo ija akuiona bwanji. Patebulo panali anthu khumi ndi awiri, ena ndinali ndisanawaonepo, ndipo mafoni anali pambali pa mbale iliyonse.

Aphunzitsi anayankha kuti iwo ndi munthu wa nyimbo, za ndale sazitsata.

Bambo uja anaseka, n'kuyamba kuwaphunzitsa anthu onse za a Russia pamaso pa mayi wa ku Russia. Anati ndi mtundu wokonda chikwapu, wosadziwa kukhala popanda wowalamula, ndipo wokhala chete ndiye kuti wavomereza. Mayi wina anafunsa chifukwa chimene sapita m'misewu kukachita zionetsero monga amachitira anthu kwawo. Bwana wanga anaonjeza kuti iye akanakhala wa kumeneko akanayankhula, zivute zitani. Ndinayang'ana bwana uja, munthu amene amaopa ngakhale kudandaula kwa woyang'anira kompaundi za madzi osatuluka, nyama n'kundipserera pa moto. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma patebulo paja onse anali okhuta. Aphunzitsi anamaliza madzi awo, anathokoza adona, n'kundipempha kuti ndiwabweze.

Mmawa wa Lamulungu, lomwe ku Doha ndi tsiku la sukulu, nditamusiya mwana kusukulu, adona anandiuza m'galimoto kuti Lachiwiri ndisakawatenge aphunzitsi. Anati aganiza bwino, sangalole munthu wogwirizana ndi kuphedwa kwa ana kuti azikhala pa mpando umodzi ndi mwana wawo. Anati tsopano amvetsa chifukwa chake mayiyo saseka. Anatinso auza azimayi anzawo a m'kompaundi, omwe ana awo ankaphunziranso kwa aphunzitsi omwewo.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindibisa. Ndinaona ntchito yonse ya mayi uja ikutha mmawa umodzi chifukwa cha bodza. Ndinaimika galimoto pambali pa msewu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, n'kutembenuka.

“Madamu, ndikuuzani chinthu, koma chithere m'galimoto muno. Chikatuluka, anthu akavulala kwawo. Si nthabwala ayi.”

Adona anaika dzanja pamtima. “Ndikulumbira. Sindiuza munthu, ngakhale mwamuna wanga.”

Ndinawauza zonse, za mwana wothawitsidwa, za mchemwali wa pa sukulu ya boma, za gogo wodwala, za Juni. Ndinawauzanso za amayi anga ndi nsalu yawo, kuti amvetse kuti kukhala chete si kuvomereza. Adona analira, misozi yeniyeni, mpaka ndinawapatsa kapepala kopukutira. Anati ndawatsegula maso. Lachiwiri ndinakawatenga aphunzitsi monga mwa masiku onse, ndipo adona anawalandira ndi maluwa ndi kuwakumbatira pakhomo. Aphunzitsi anandiyang'ana modabwa, ine n'kukweza mapewa ngati sindikudziwa kanthu. Mumtima ndinkadzitama kuti ndapulumutsa munthu.

Lachisanu lotsatira ndinapita ku Umm Ghuwailina kukacheza ndi anyamata akwathu. Mnzanga wina wa ku Chipata, mlonda pa hotela, ndinamutsina khutu pang'ono osatchula za mwana, kungoti ndinawalankhulira aphunzitsi kwa adona. Anapukusa mutu.

“Achimwene, mwapanga mistake. Mzungu secret amaisunga ngati ayisikilimu padzuwa. Kwa iye story yabwino ndi yoti ai-share, khalas, basi. Mudzandiuza.”

Ndinamunena kuti ndi wansanje, sawadziwa adona anga.

Panapita masabata atatu. Mwana uja anaimba piyano pa chionetsero cha kusukulu, ndipo adona anajambula chithunzi iye ali ndi aphunzitsi ake. Patatha masiku angapo, Lachiwiri masana, ndinaima pansi pa nyumba ya ku Al Muntazah monga mwa nthawi zonse. Aphunzitsi anatsika opanda chikwama cha mabuku. Sanalowe m'galimoto. Anangondipatsa foni yawo pawindo.

Chinali chithunzi chija, pa tsamba la mchezo la adona. Pansi pake adona analemba nkhani yaitali yokoma, yonena za mayi wolimba mtima wa ku Russia amene anapulumutsa mwana wake ku nkhondo yoipa mothandizidwa ndi mchemwali wake, mphunzitsi. Anapempha anzawo kuti asaweruze a Russia onse, poti ena ndi ngwazi zobisika. Dzina loyamba la aphunzitsi linalipo, nkhope yawo inalipo. Anthu anali ataika timitima tambirimbiri, ena ataitumiza kwa anzawo, wina ataimasulira m'chinenero cha kwawo kwa aphunzitsi.

Aphunzitsi anandiuza ndi mawu otsika kuti mchemwali wawo anaitanidwa ku ofesi ya mkulu wa sukulu, ndipo mmenemo munali amuna awiri osadziwika atanyamula chithunzi chomwecho. Anamufunsa maola ambiri. Ntchito anamuimitsa. Ndipo mchemwaliyo anatumiza uthenga kudzera kwa munthu wina kuti aphunzitsi asayerekeze kubwera mu Juni, chifukwa akatsika ndege mwina sakafika n'kunyumba komwe. Sanandifunse ngati ndine ndinaulula. Nkhani ija anauza munthu mmodzi yekha ku Doha konse.

Ndinayendetsa galimoto yopanda munthu kubwerera ku Al Duhail. Ndinawapeza adona m'khitchini akucheka zipatso. Sindinagogode.

“Madamu, munalumbira.”

Anandiyang'ana ngati ndawafunsa za chaka chatha. Anati sanauze munthu, anangolemba, ndipo sanatchule dzina la bambo kapena mzinda. Anati analemba zabwino zokhazokha, zomutamanda, kuti dziko lidziwe. Nditawafotokozera za amuna awiri aja, anati zimenezo sizingatheke chifukwa cha chithunzi cha piyano, mwina mchemwaliyo anali ndi milandu ina. Kenako analira, anachotsa nkhani ija, n'kunena kuti yachotsedwa, tsopano zonse zikhala bwino. Madzi akatayika saoleka, koma adona ankakhulupiriradi kuti akadina batani amabwerera m'chikho. Bwana atabwera anati nkhaniyi ikungotsimikizira kuti dziko lija ndi loipa, ndipo anapita kukasamba.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri si bodza ayi, chifukwa adona sankadziona kuti anama. Sabata imodzi mayi uja anali chilombo kwa iwo, sabata inayo anali ngwazi, ndipo masabata onse awiri sanamufunse mwini wake funso limodzi. Ine ndinawapatsa chinthu chimene kwathu munthu amafa nacho m'mimba, ndinawapatsa pamodzi ndi mano a malume anga, iwo n'kukachisinthanitsa ndi timitima ta pafoni. Ndinali wa m'banja lawo pa nkhani ya kunyamula zikwama, koma pamene ndinati anthu akavulala, mawu anga anali a dalaivala wokokomeza zinthu. Ndinagwirabe ntchito, poti kontilakiti siyang'ana mtima wa munthu, koma kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira nkhope ya aphunzitsi. Adona ankandifunsa chifukwa chake ndasiya kuseka.

Aphunzitsi sanabwerenso ku Al Duhail. Ndinawalembera mauthenga atatu opepesa, osayankhidwa. Juni anafika, mabwana anga anakwera ndege kupita kwawo kukaona makolo awo, ine n'kutsala kuthirira maluwa. Mu Ogasiti ndinamva kwa mmodzi wa azimayi okhala nawo nyumba, yemwe ndinakumana naye pa sitolo, kuti gogo uja wamwalira. Aphunzitsi anaonera maliro a amayi awo pafoni, atakhala pabedi. Ine amene ndinaloledwa kupita kukaona mkazi wanga atadwala malungo chabe, ndinaima m'sitolo muja ndi paketi ya shuga m'manja, osadziwa kolowera.

Patapita milungu iwiri, uthenga wawo unabwera. Anati akuchoka ku Doha, akupita kukakhala ndi mwana wawo kudziko limene anathawira, ndipo ngati ndingathe ndiwaperekeze ku bwalo la ndege Lachisanu mmawa. Ndinatsuka galimoto kawiri, ndinasita malaya, ndinafika ku Al Muntazah nthawi isanakwane. Ndinkadziuza kuti munthu sangakuitane pa ulendo wotere ngati sanakukhululukire.

Anatsika ndi masutikesi awiri, ataonda, atavala zakuda. Ndinalongedza katundu, n'kutsegula chitseko cha kutsogolo. Iwo anatsegula cha kumbuyo, n'kukhala. Ndinalowa, koma sindinalize galimoto. Ndinaika manja pamiyendo, n'kudikira mphindi ija imene anandilonjeza, yokhala chete ndi anthu ako usananyamuke. Ndinawaona pagalasi akuyang'ana manja anga, ndipo ndikudziwa kuti anamvetsa chimene ndinkadikira.

“Yalla, tiyeni,” anatero. “Ndakhala kale m'chipinda, ndekha.”

Tinanyamuka, wailesi yozima. Pa bwalo la ndege ndinatsitsa masutikesi, n'kuwaika pa kangolo. Mawu onse amene ndinakonza anathawa, ndinangoyamba kulongosola kuti ndinkafuna kuwapulumutsira ntchito, kuti adona analumbira dzanja lili pamtima, kuti nanenso anandipusitsa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula.

“Madamu aja ndilibe nawo mawu,” anatero. “Sanaonepo munthu akutengedwa chifukwa cha pakamwa. Sadziwa, ndipo adzafa osadziwa. Koma inu munandiuza za malume anu. Inu munkadziwa.”

Anakankha kangolo kaja n'kulowa, osacheuka. Wapolisi wa pamenepo anandiimbira wenzulo kuti ndichotse galimoto, ndipo ndinaichotsa.